Pakhonde la Ziweto: Kamphaka kabwera ku opaleshoni, tikasamale bwanji?

Mwezi uno makalata a amphaka achuluka kuposa a agalu ndi nkhuku, ndipo ambiri akufunsa za mphaka wamkazi amene wangochitidwa opaleshoni yotseka kuti asabereke. Kalata yoyamba ndaiyankha motalikitsa chifukwa zimene mayiwa alangizidwa zikhoza kupha mphaka.

Funso: A Dokotala, ndili ndi kamphaka kakakazi ka miyezi 5. Lachiwiri ndinapita nako kukatseketsa, n'kukakatenga madzulo a tsiku lomwelo. Usiku wonse kanangogona, kakati kayende kamadzandira. Ndinakapatsa nsima ya usipa koma kanangonunkhiza n'kusiya. Lero Lachinayi kayamba kudya pang'ono, koma kakungonyambita pabala, komanso kakulira pakhomo kufuna kutuluka poti kanazolowera kudzithandiza kuseri kwa nyumba. Anzanga oyandikana nawo akuti ndikapatse theka la Panado kuti ululu uchepe, ndizitsukanso balalo ndi Dettol. Kodi nditero? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanabenthule piritsilo. Panado musakapatse, kaya theka, kaya kachibenthu. Anzanuwo akunena mwachifundo, sindikuwadzudzula, koma Panado amapha mphaka.

Nkhani ili m'chiwindi. Chiwindi cha munthu chimatha kuphwanya mankhwala a paracetamol amene ali mu Panado, thupi n'kuwataya mumkodzo. Cha mphaka ntchito imeneyi chimailephera, ndiye mankhwalawo amasanduka poizoni wowononga magazi. Magazi amaleka kunyamula mpweya, amada n'kukhala abulawuni. Mphaka amayamba kupuma mwawefuwefu, kuchucha dovu, nkhope ndi mapazi kutupa. Tiwerengere limodzi. Piritsi limodzi la akuluakulu lili ndi 500 mg. Mphaka akhoza kuyamba kudwala ndi 10 mg yokha pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kamphaka ka miyezi 5 kamalemera pafupifupi makilogalamu 2, kutanthauza kuti 20 mg ndi yokwanira kukavulaza. Theka limene anzanu akunenalo ndi 250 mg.

Brufen, Indocid, diclofenac ndi Aspirin nawonso ayi, amenewa amawononga impso ndi kuboola zilonda m'mimba. Ngati pali wina amene wapatsa kale mphaka wake Panado, asadikire kuti aone ngati adwale. Atenge mphakayo ndi kapepala ka mapiritsiwo athamangire kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Mankhwala obweza poizoniyu alipo, koma amathandiza m'maola oyambirira. Kumwetsa mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere n'kungotaya nthawi.

Ululu wokha ulipo ndithu, si kuti tiunyalanyaze. Pa tsiku la opaleshoni mphaka amabayidwa jakisoni wopha ululu amene amagwira ntchito pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo madokotala ambiri amaperekanso mankhwala amadzi otchedwa meloxicam oti muzidontheza m'chakudya kwa masiku ochepa. Mphaka akamamva kuwawa nthawi zambiri sachita kukuwa. Amakabisala pansi pa bedi, amakhala atadzipinda msana, maso otsinzinira, makutu atagona cham'mbali, mukati mumugwire amakukalirani. Mukaona zimenezi imbirani amene anachita opaleshoniyo akupatseni mankhwala a mphaka pa mlingo wa kulemera kwake.

Dettol nayenso musiyeni. Chilichonse chimene mwapaka pathupi pa mphaka dziwani kuti chilowa m'kamwa, pakuti amadzisambitsa ndi lilime, ndipo Dettol amawotcha lilime ndi kummero n'kukapwetekanso chiwindi. Sipiriti, Jik, phulusa, Vaseline, zitsamba, ngakhale chizolowezi chathu chija chotsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pachilonda, zonsezi sizikufunika. Jivi nayenso amangobisa mtundu wa bala moti simungaone ngati layamba kufiira. Bala losokedwa bwino limafuna chinthu chimodzi, kukhala louma. Likadetsedwa ndi dothi kapena chimbudzi, wiritsani madzi theka la lita, thiranimo kasupuni kamodzi ka tiyi ka mchere, azizire, ndipo pukutani m'mbali mwa balalo ndi kansalu koyera, osakhula.

Kudzandira ndi kugona kwa usiku woyamba kuja anali mankhwala ogonetsa, amatenga tsiku kuti atheretu m'thupi. Poti lero kayamba kudya, mtima ukhale m'malo. Muzikapatsa pang'onopang'ono koma kangapo patsiku: usipa wowiritsa wopanda mchere, mnofu wa nkhuku, dzira lowiritsa. Chakudya chofunda pang'ono chimanunkhira kwambiri ndipo chimakopa mphaka wosafuna kudya. Ndiwo zotsala za patebulo musakapatse ngati muli anyezi kapena adyo, ziwirizi zimaphwanya magazi a mphaka. Nsima ikhale yochepa, mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo bala limapola ndi chakudya chomanga thupi. Mkaka wa ng'ombe amphaka ambiri umawatsegula m'mimba. Madzi akumwa akhalepo nthawi zonse. Kakasiyanso kudya tsiku lathunthu, imbani foni, chifukwa mphaka akakhala masiku awiri kapena atatu osadya chiwindi chake chimayamba kuwonongeka.

Tsopano kunyambita. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kummero, ndiye likamadutsa pabala limakhula khungu n'kukoka ulusi. Usiku umodzi wokha ndi wokwanira kuti m'mawa mupeze bala layasama. Ku chipatala cha ziweto amagulitsa kolala ya pulasitiki yovala m'khosi, imene imatchinga mutu kuti usafike pamimba. Ngati palibe, mukhoza kuidula nokha pa chikuto cha pulasitiki cha fayilo, n'kumata selotepi m'mphepete kuti isacheke khosi. Muike chakudya pa mbale yafulati kuti kolalayo isamagunde.

Kwa kamphaka kakang'ono chotere ine ndimakonda sokosi. Tengani sokosi yaitali ya munthu wamkulu, yochapa bwino, ija yosewerera mpira imachita bwino koposa. Dulani ku zala kuti ibooke mbali zonse ziwiri. Chakumapeto kumodzi boolani timabowo tiwiri ta miyendo yakutsogolo, chakumapeto kwinako tiwiri ta miyendo yakumbuyo, kumchira kukhale poyera kuti kazidzithandiza bwinobwino. Mukakaveka, pisani zala ziwiri pakhosi ndi m'khwapa, zikalowa mosavuta ndiye kuti siyikuthina. Poyamba kadzagwa chammbali, kadzayenda chafutambuyo, kadzakuyang'anani momvetsa chisoni. Musavule. Pofika mawa lake kadzakhala katazolowera. Muzivula kamodzi kapena kawiri patsiku poyang'ana bala, ndipo sokosiyo ikanyowa musinthe.

Zotuluka panja ayi, mpaka masiku 10 kapena 14 atakwana. Chimene inu mukuona ndi kabala kakang'ono pakhungu, koma dokotala anatsegula mimba, anachotsa chiberekero ndi timatumba ta mazira, anamanga mitsempha ya magazi, kenako anasoka mnofu wa pamimba, n'kusoka za pansi pa khungu, n'kumalizira khungu. Ulusi wa mumnofuwo ndi umene wagwira matumbo kuti asatuluke. Mayi amene wabereka pa opaleshoni sitimutuma kukasenza ndowa ya madzi pa tsiku lachitatu ngakhale atanena yekha kuti akupeza bwino. Kamphakanso kadzaoneka kochira msanga, kadzafuna kudumphira pa mpanda ndi padenga, mnofu usanagwirane. Panja palinso agalu, amphaka aamuna, fumbi ndi ntchentche. Nyengo yotentha ntchentche ikaikira mazira pabala lonyowa, mphutsi zimaswa tsiku lisanathe.

Sankhani chipinda chimodzi chopanda kabati yaitali kapena zenera lotsegula. Ikani katoni pansi, muyalemo chitenje chakale. Chimbudzi chake chikhale beseni lakale momwe mwang'ambiramo nyuzipepala, chifukwa mchenga ndi utuchi zimamatirira pabala. Poti kanazolowera kuseri kwa nyumba, tapani dothi lodzaza dzanja limodzi pamalo pamene kamadzithandizira, muike pansi pa nyuzipepalazo. Fungo lokhalo lidzakauza ntchito ya beseniyo. Kulira pakhomo kudzakhalapo masiku awiri kapena atatu, pirirani. Ku Blantyre kwanuko chiperoni chikagwa m'miyezi ya June ndi July, kulungani botolo la madzi ofunda m'nsalu muike m'katonimo, osati kuika mbaula m'chipinda chotseka. Musapopere Doom kali momwemo, musakasambitse, ndipo dibi wa agalu asakakhudze n'komwe, lero kapena tsiku lina lililonse. Ana auzeni kuti akhoza kukasisita pamutu koma osakanyamula pamimba.

M'mawa ndi madzulo muziyang'ana malo awiri. Pabala, m'mphepete mukhale mogwirana, mouma, mofiirira pang'ono chabe. Kenako tukulani mlomo wam'mwamba ndi chala muone nkhama. Za mphaka wabwino zimakhala zapinki ndi zonyowa, mukadina ndi chala zimayera n'kubwerera mtundu masekondi awiri asanathe. Nkhama zoyera mbuu, mphaka wofooka ndi wozizira mapazi, mimba yotupa, zimenezo zikhoza kutanthauza kuti magazi akutayikira mkati, ndipo si zodikira kuti kuche. N'chimodzimodzi magazi odontha osaleka, mafinya, fungo, kusanza kobwerezabwereza, kapena tsiku lathunthu osakodza. Bala likatseguka n'kutuluka chinthu chapinki kapena choyera ngati mafuta, musachibwezere mkati. Nyowetsani nsalu yoyera ndi madzi amchere aja, phimbani, kulungani mphakayo m'chitenje kuti asadzilume, nyamukani. Pa ulendo muike m'katoni yobooledwa kapena m'dengu lotseka, pakuti mphaka wonyamulidwa m'manja pa kabaza amadumpha hutala ikangolira.

Funso: Mphaka wathu anachitidwa opaleshoni masiku 6 apitawo. Akudya, akusewera, koma pansi pa bala patuluka kachotupa. Komanso iye anamucheka m'nthiti chakumanzere pamene wa mnzanga anamucheka pamimba. Kodi dokotala analakwitsa? Mnyamata wa Fomu 3, Zomba.

Yankho: Mphwanga, sanalakwitse. Njira zilipo ziwiri, ya pamimba ndi ya m'mbali, ndipo zonse zimachotsa ziwalo zomwezo. Ya m'mbali ndi yofala kwambiri ku Britain, ndipo madokotala amaikondanso pa amphaka ongoyendayenda ndi oyamwitsa, chifukwa bala limaoneka uli patali komanso mpeni sudutsa m'mabere. Ubweya umene anametawo umera m'miyezi iwiri kapena itatu.

Kachotupako kagwire ndi zala zosamba, mosadina kwambiri. Ngati ndi kolimba, kosatentha, kosakula, mphaka osadandaula ukamakagwira, nthawi zambiri limakhala thupi likulimbana ndi ulusi wamkati umene umasungunuka wokha. Kotero kamaphwa m'masabata angapo. Ngati ndi kofewa, kogwedera ngati muli madzi, ndiye kuti mphakayo wakhala akudumpha ndipo madzi asonkhana pansi pa khungu. Usakaboole ndi singano, ungalowetse tizilombo pamalo pamene panalibe. Mutsekere kuti apume ndipo dokotala akaone. Koopsa ndi kofewa kamene ukakadina kamalowa mkati, ukasiya n'kutulukanso, makamaka akamalira kapena akaimirira. Pamenepo ulusi wa mumnofu wamasuka ndipo zam'mimba zikusuzumira pansi pa khungu. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kotentha, kofiira, kotuluka mafinya nakonso sikogonetsa.

Diso limanama ukamaona chinthu tsiku ndi tsiku. Bwereka foni, ika chitsekerero cha botolo pafupi ndi chotupacho, jambula m'mawa uliwonse pamalo owala. Ukayerekeza zithunzi udziwa ngati chikukula, ndipo ukhoza kuzitumiza kwa dokotala pa WhatsApp. Ngati pakhungu pakuoneka ulusi, umachotsedwa pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo wochotsa ndi dokotala, osati iwe ndi lezala. Ngati sukuoneka ndiye kuti anasokera mkati, palibe chochotsa.

Funso: Ndili ndi chigayo ndipo ndikuweta mphaka wamkazi wa miyezi 6 chifukwa cha makoswe. Ndimafuna ndikamutseketse sabata yamawa, koma mayi a kunyumba akuti akatero adzanenepa n'kusiya kugwira makoswe, komanso ndi bwino ayambe wabereka kamodzi. Zoona ndi ziti? Bambo wa ku Mponela.

Yankho: Bambo, pitani naye sabata yamawayo. Mayi akunena zimene anthu ambiri amanena, koma kusaka sikuchokera m'chiberekero. Mphaka amasaka chifukwa maso, makutu ndi zikhadabo zake zinapangidwira zimenezo, ndipo opaleshoni sizikhudza. Chimene chimatha ndi kulira kwa usiku kofuna amuna ndi kusowa pakhomo masiku angapo. Kwa inu imeneyo ndi phindu, mphaka azigona pachigayo pamene pali makoswewo. Kuyendayenda usiku n'kumenenso kumaphetsa amphaka ambiri kwathu kuno, ena kugundidwa ndi galimoto, ena kugendedwa ndi anthu owaganizira za ufiti, chinthu chimene chimandipweteka mtima kwambiri.

Pa kunenepa mayi akhoza pang'ono. Mphaka wotsekedwa thupi lake limafuna chakudya chocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene chilakolako cha kudya chimakwera. Bala likapola chepetsani muyeso pang'ono, ndipo muzipapasa nthiti zake. Zizimveka mukasisita, koma zisamaoneke. Musamumane chakudya poganiza kuti njala imuchititsa khama, mphaka wokhuta ndi wamphamvu ndiye amasaka bwino.

Zoti ayambe wabereka kamodzi zilibe phindu lililonse pa thanzi lake. Mphaka akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere limatenga masiku 63 mpaka 65, ndipo akhoza kubereka katatu pachaka, ana anayi kapena asanu ulendo uliwonse. Amatha kutenganso bere lina akuyamwitsabe. Mudzawapezera makomo onsewo? Kafukufuku amene anasindikizidwa ku America mu 2005 anapeza kuti amphaka otsekedwa asanakwane miyezi 6 chiopsezo chawo cha khansa ya mabere chinatsika ndi 91 peresenti, ndipo otsekedwa chaka chisanathe chinatsika ndi 86 peresenti. Khansa imeneyi mwa amphaka nthawi zambiri imakhala yoyipa, yofalikira msanga. Wotsekedwa sangadwalenso matenda a mafinya m'chiberekero, amene amapha amphaka akuluakulu.

Funsani dokotala nthawi yoti musiye kumupatsa chakudya opaleshoni isanachitike, ndipo mutsatire ndendende, musaonjezere maola poganiza kuti mukuthandiza. Akabwerako asagone kuchigayo, fumbi la ufa ndi phokoso la injini si malo a wodwala, komanso matumba osanjikizana aja adzamukopa kukwera. Akhale kunyumba masabata awiri. Pa nthawi imeneyi makoswe adzachulukako, koma chonde tcherani misampha, musathire tameki kapena mankhwala ena a makoswe. Mphaka akadzabwerera n'kudya khoswe wofa ndi poizoni, mudzataya mlonda wanu.

Mukapita mufunsenso za katemera wa chiwewe, chifukwa chiwewe si cha agalu okha, mphaka amachitenga ndipo amapatsira anthu. Dokotala adzakuuzani ngati amubaye tsiku lomwelo kapena atachira. Ofesi ya boma ya za ziweto ya kwanuko ikhoza kukuthandizani, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene limachita opaleshoni zotere ndi kutemera ziweto. Chaka chilichonse pa 28 September dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, ndipo m'nyengo imeneyo m'madera ambiri mumachitika katemera.

Funso: Ndili ndi amphaka awiri a bere limodzi amene amagona pamodzi. Wamkazi atabwera ku opaleshoni, mlongo wake wamwamuna akumukalira ndi kumuthawa ngati sakumudziwa. Zatani? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, amphaka amadziwana ndi mphuno kuposa maso. Wodwalayo wabwera ndi fungo la mankhwala ndi la ziweto zina za kuchipatala, ndiye mnzakeyo akumuyesa mlendo. Musawakakamize kukhala pamodzi, ndipo wokalirayo musamumenye. Kupatukana masiku ano n'kwabwinonso, poti wamwamunayo akhoza kunyambita balalo kapena kumugwetsa posewera. Tengani kansalu, sisitani m'masaya mwa mmodzi, mukasisite mnzakeyo, mubwerezenso mosinthanitsa. Muzisinthanitsanso zitenje zimene amagonera, ndipo muziwapatsa chakudya nthawi imodzi, wina mkati mwa chitseko wina kunja. Nthawi zambiri pakatha masiku ochepa amayambanso kununkhizana. Wamwamunayo mukamufulitsenso asanayambe kukodzera makoma ndi kumenyana ndi anzake usiku. Yake ndi opaleshoni yaing'ono yosatsegula mimba, ndipo amachira m'masiku ochepa.